Benchi Poyamba, Makina Pambuyo

Ana anga a kwa Changata, inu amene mwaphunzira ukalipentala kudzera ku TEVETA kapena kwa mmisiri wa pamsika, ndikudziwa chimene mukulota. Mukufuna makina a lathe, osemera miyendo ya mipando, mabedi ndi matebulo. Ndalama ya mota mukusunga, mitengo mwafunsa kale ku Limbe. Koma za benchi yokhazikapo makinawo palibe akufunsa. Tamverani. Benchi poyamba. Benchi poyamba, makina pambuyo.

Ine ndinayambira kumchira. Ndalama yonse inathera pa makina, benchi n'kukhoma ya bulugamu wamuwisi, wongocheka kumene. Bulugamu kuno sasowa. Maesiteti monga Satemwa ndi Conforzi amabzala nkhalango zake kuti apeze nkhuni zoumitsira tiyi, nafenso tinatengera. Ndi mtengo wolimba, wolemera, sindikuunyoza. Koma wauwisi ngwachinyengo. Ukamauma umang'aluka, umapotoka. Dzuwa la Okutobala litawomba, benchi yanga inapotoka, n'kupotozanso makina amene ndinamangirira pamwamba pake. Nsonga ziwiri zogwira thabwa zinaleka kuyang'anana. Tchizulo chinayamba kudumphadumpha, miyendo n'kumatuluka yamizeremizere. Mwini mipando anabweza yonse. Mbawa imene ndinaononga ndinalipira ndi ndalama ya feteleza, ndipo chaka chimenecho banja langa linagula chimanga nkhokwe ili pakhomo. Fulumira anadya gaga.

Choncho umitsani matabwa. Asanjeni pamthunzi, timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Amisiri amawerengera chaka chathunthu pa thabwa lochindikala inchi imodzi, ndipo kuno kwa chiperoni musayerekeze kuchotserapo.

Kenako yang'anani pansi. Thyolo ndi mitunda yokhayokha, ndipo dothi lathu lofiirali limafewa mvula ikakhazikika. Benchi yoima padothi imatitimira mwendo umodzi inu osadziwa, chiswe nacho chikudya chakumunsi. Thirani konkire yochindikala masentimita 10: muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala. Ithirireni madzi masiku 7. Levulo ikasowa, musayeze ndi diso. Diso limanama. Tengani kapayipi koonekera mkati, thiranimo madzi, kwezani nsonga zonse ziwiri. Pamene madzi aima mbali iyi ndi pomwe aima mbali inayo. Lembani pamiyendo ndi pensulo. Mvula ikatha muyezenso, poti thabwa limafufuma ndi chinyezi, n'kufota m'chilimwe.

Tsopano nkhani ya kunjenjemera, imene ambiri mumaiyesa yaing'ono. Chipika chosasemedwa sichilemera mofanana mbali zonse. Chikamazungulira chimakoka makina uku ndi uku, ndipo benchi yopepuka imayamba kuyenda yokha. Mankhwala ake ndi kulemera. Khomani shelefu pansi, pakati pa miyendo, muikepo matumba atatu a makilogalamu 50 odzaza mchenga wouma. Mchenga umameza kugwedezeka chifukwa timiyala take timakhulana tokhatokha, mphamvu n'kuthera momwemo. Ukhale wouma, ndanena. Wonyowa umaoletsa shelefu. Kumbuyo ndi m'mbali pingasani matabwa kuchoka ngodya kufika ngodya. Miyendo itagalale pang'ono. Pansi pa mwendo uliwonse ikani kachidutswa ka tayala lakale.

Misomali ayi. Misomali ayi, ana anga. Makina amaisolola pang'onopang'ono mpaka tsiku limene simukuyembekeza. Gwiritsani mabawuti obooleza, okhala ndi mawashala, ndipo muziwakunga kawirikawiri. Ine tsiku langalo linafika: benchi inapendama, chipika chinathawa pansonga n'kundimenya pakamwa. Mukandiona ndikuseka mutha kuwerenga nokha mano amene anatsalira pashedi.

Msinkhu wa benchi muyeze ndi thupi lanu, osati la mnzanu. Nsonga zogwira thabwa zifike pachigongono mutaima chilili. Ikatsika, msana udzakuwerengerani mukadzafika zaka zanga.

Ndikudziwa, anzanu adzayamba kugulitsa inu mukadaumitsa matabwa, ndipo adzakusekani. Sekani nawo. Inu mukamaliza, ikani kapu yodzaza madzi pabenchi, mangani chipika, yatsani mota pa liwiro lotsika, mutaima pambali. Madzi akatayika, zimitsani. Benchiyo sinathe, ndipo oda ya munthu musalandire.