Phunziro: Manja a Achinyamata ndi Denga la Wosauka

Mwezi uno tiyambe ndi kuwerenga Yakobo 2:14-17, pamene mtumwi atichenjeza kuti mau okoma okha safunditsa munthu wakumva chisanu. Ndipo kuti tizindikire bwino tanthauzo lake, tikuuzani za ntchito ya achinyamata a ku America.

Kum'mawa kwa dzikolo kuli mapiri otchedwa Appalachia, kumene anthu ambiri anali kukhalira kukumba malasha. Ntchito ya m'migodi itachepa, umphawi unakula, ndipo nyumba zambiri zinayamba kudontha ndi kuwola. M'chaka cha 1969 mbusa wina wa mpingo wa Methodist, dzina lake Glenn Evans, anasonkhanitsa achinyamata ndi akulu ngati 50 ku Barbourville, m'dera la Kentucky, ndipo anakonza nyumba 4. Chiyambi chinali chaching'ono chotero. Koma ntchitoyo, yotchedwa Appalachia Service Project, ilipobe, ndipo yafika ku Tennessee, Virginia ndi West Virginia.

Machitidwe ao ndi awa. Masukulu akatsekedwa m'miyezi ya June ndi July, anyamata ndi asungwana amachoka kwao pamodzi ndi akulu a mpingo wao, nakakhala kumapiriko sabata imodzi. Salandira malipiro, koma iwo eni amasonkha ndalama za ulendo ndi za ntchitoyo. Kawirikawiri amagona m'nyumba za sukulu kapena za mpingo. Usana amakhoma madenga, kukonza pansi pa nyumba, ndi kupanga njira zotsetsereka za opunduka oyenda pa njinga. Madzulo amapemphera ndi kukambirana zimene aona.

Tsono tiphunzirepo zinthu zitatu.

1. Ntchito ya manja siichepetsa Mkhristu. Ambuye wathu yemwe anali mmisiri wa matabwa, monga tiwerenga pa Marko 6:3.

2. Wosauka ayenera ulemu. Mbusa Evans anaphunzitsa achinyamata ake kulandira anthu monga momwe alili, osawaweruza. Wolowa m'nyumba ya mwini ali mlendo: ayambe wapereka moni, nafunse chimene mwini nyumba afuna.

3. Thandizo loona siliyembekeza kubwezeredwa. Pano mau atikhudza ife. Makolo athu anali ndi dima, ndipo unali mwambo wothangatana. Koma dima lifuna munthu wokhala ndi chimanga chakuphikira antchito. Nanga mai wamasiye amene nkhokwe yake ili gwa, adzaitana yani? Kodi si ameneyo amene mvula yoyamba imampeza ali kusuntha mphasa usiku wonse?

Miyezi yomweyo imene anzathu aja agwira ntchito, kuno udzu uli wouma, woyenera kumweta. Sitisowa ulendo wautali, kapena ndalama zambiri. Tisowa zenga, nkhwangwa, luzi ndi mtima wofuna. Akulu a mpingo m'mudzi uliwonse awerenge nyumba za amasiye, nkhalamba ndi odwala. Anyamata adule phaso nafolere, asungwana amwete udzu nazire, ndipo zonse zithe mvula isanagwe.

Mafunso a m'kalasi: Ndi nyumba iti m'mudzi mwanu imene idzadontha chaka chino? Ndani adzapita kukapempha mwini wake, ndipo tsiku liti?

Mulungu atipatse manja ofulumira monga milomo yathu.