Phunziro: Katemera Wachibwereza wa COVID-19

Katemera wa COVID-19 anayamba kuperekedwa m'Malawi muno mu Malichi 2021. Wa AstraZeneca ankabaya kawiri, wa Johnson & Johnson kamodzi. Koma pakapita miyezi, mphamvu ya katemerayu imachepa m'thupi. N'chifukwa chake mu 2022 a zaumoyo ankaperekanso katemera wachibwereza, wobaya kamodzi kokha.

Mu 2023 bungwe la WHO linalangiza kuti okalamba, odwala shuga, ofooka chitetezo cha m'thupi ndiponso ogwira ntchito m'zipatala azibayitsanso pakatha miyezi 6 mpaka 12.

Inu asodzi a ku Senga Bay ndi Chipoka, amene mumasamukasamuka potsata usipa, sungani khadi lanu la katemera pamalo pouma. Tsiku lolembedwapo ndilo limauza a chipatala ngati nthawi yanu yobayitsanso yakwana.