Za Mwendo Wobvulala ndi Mitsempha Yace

Pa mseu wocokera ku Liwonde kunka ku Balaka pamayenda njinga za kabaza zosawerengeka, ndipo si cacilendo kupeza mnyamata atagona m'cipatala ca boma ca Machinga, cimene ciri pa Liwonde, mwendo wace uli m'cikhakha. Fupa limalumikizika lokha patapita masabata 6 kapena 12, monga mwa msinkhu wa munthu ndi mathyokedwe ace. Koma tsiku locotsa cikhakha ambiri adabwa: mwendo waonda, bondo lauma, phazi likana kuponda. Pamenepo ena anena kuti dokotala analakwa, ena ayamba kuganizira mnansi. Iai. Mnofu wosagwira nchito umafota, ndipo mfundo yosapindidwa imauma. Mankhwala ace ndiwo mafizo, ndiko kuphunzitsanso mwendo nchito yace.

Tsono tiyambe tadziwa mitsempha. Ife titi mtsempha ponena zinthu zitatu: uja woyendamo magazi, uja womanga mnofu ku fupa, ndi wina woyera ngati ulusi umene unyamula mau a ubongo kunka ku mnofu, nubweza mbiri ya kutentha ndi ululu. Wacitatuwu ndiwo tinena lero. Waukulu koposa m'thupi lonse aucha sciatic. Kunenepa kwace ngati cala. Ucokera m'munsi mwa msana, upyola m'thako, nutsika kumbuyo kwa nchafu, ndipo usanafike pa bondo ugawika pawiri. Nthambi yina itsika m'katumba kufikira kunsi kwa phazi, ndiyo itinyamula poimirira pa zala. Inzace ikhota kunja kwa bondo, pa kafupa kotukuka kaja mungakakhudze ndi cala, ndipo nchito yace ndiyo kudzutsa phazi.

Nthambi yaciwiriyi ndiyo ibvulala kawiri-kawiri, pakuti pamenepo iri pansi pa khungu penipeni. Cikhakha cothina cikaipsinja, phazi ligwa, munthu nayenda cokoka zala pansi, pamwamba pa phazi pali dzanzi. Cimodzimodzi jekeseni wobayidwa pakati pa thako angalase sciatic mwini wace. Ndico cifukwa anamwino abaya m'mwamba ca kunja kwa thako, ndi ana ang'ono pa nchafu. Musalole munthu wosaphunzira kubaya mwana wanu pakhomo. Mtsempha woonongeka umaphuka ndithu, koma pang'ono-pang'ono, ngati inchi imodzi pa mwezi. Ndani angaufulumize ndi mphini? Mphini zingoonjeza zilonda pa khungu losamva kale.

Mafizo ayamba cikhakha cisanacoke. Wodwala azigwedeza zala za ku phazi, azilimbitsa mnofu wa nchafu nawerenga kufikira 5 asanaumasule, nacita cotero ka 10, m'mawa, masana ndi madzulo. Pogona mwendo ukhale pa mtsamiro kuti usatupe. Cikhakha citacoka, akhale pa mpando, napinde bondo ndi kulitambasula; akoke phazi ndi citenje cokolekedwa kunsi kwa zala kuti cidendene cisaume. Koma za tsiku loyamba kuponda ndi kutaya ndodo, mau akhale a ku cipatala.

Nanga ululu? Pa masiku 2 oyamba a bondo lobinya ikani nsaru yonyika m'madzi ozizira a mu mtsuko. Yofunda idza pambuyo, kutupa kutacepa. Wamkulu amwe panado 2, osapitirira ka 4 pa tsiku. Brufen amwedwa mutadya, ndipo sayenera a zilonda za m'mimba, a nthenda ya impso, kapena amai apakati. Ululu wa mtsempha uli wina: uocha ngati moto, ubaya ngati singano, makamaka usiku, ndipo panado aulephera kawiri-kawiri. Uli ndi mankhwala ace, monga amitriptyline, amene alemba dokotala yekha.

Kale odziwa nchito imeneyi anali owerengeka m'dziko muno. Bungwe la Malawi Against Polio linayamba m'caka ca 1979. La Sue Ryder linafika ku Balaka mu 1990 ndi kuyendera olumala m'midzi mwao. Ndipo mu 2010 College of Medicine ku Blantyre inayamba kuphunzitsa digiri ya mafizo. Ngakhale ziri cotero, wodwala aonana ndi wa mafizo kanthawi kocepa, masiku ena onse ali pakhomo, ndipo pamenepo mpamene ulesi ndi mantha zimgwira.

Inu akatekisi, poyendera odwala musangofunsa za mtima wokha. Bvundukulani cofunda, muone zala. Zikakhala zotupa, zozizira, zakuda kapena zosamva kukhudza, ndipo ululu ukulirakulira m'kati mwa cikhakha, musadikire tsiku la ndemanga lolembedwa m'buku: pezani njinga, munthuyo afike ku cipatala tsiku lomwelo.