Mkulu wa mpingo: malata kapena khalidwe?

Funso: Abusa, kuno ku Nyimba timakonda kusankha kukhala mkulu wa mpingo munthu amene wagulira tchalitchi malata. Kodi tikulakwa?

Yankho: Bambo, chuma si tchimo, koma 1 Timoteo 3 pofotokoza woyenera udindowu imatchula kudziletsa, kuchereza alendo, kusakonda ndalama ndi kusunga banja. Chifukwa chake chikuonekera mumpingo wa Reformed Church in Zambia, umene mishoni zake zinatsegulidwa ku Hofmeyr mu 1914 ndi ku Merwe, ku Petauke, mu 1923. Mumpingowu m'busa mmodzi amayendera midzi yambiri, choncho woyanjanitsa mabanja, wotonthoza anamfedwa ndi woyang'anira chopereka masiku onse ndi mkulu. Malata sayanjanitsa banja.

Ena adzati khalidwe lili mumtima, ndani angaliyeze? Kumudzi khalidwe la munthu silibisika: amalidziwa aganyu amene anamulimira, ndi mkazi wamasiye woyandikana naye munda. Ena adzati mpingo umafunikanso ndalama. Zoona, ndipo wolemera wofatsa asankhidwe ndithu. Koma wosankhidwa chifukwa cha malata, akadzalakwa, ndani adzam'dzudzule atakhala pansi pa denga lakelo?