MPAMBA WA GENI UMACHOKERA KUTI?



Phunziro lathu la sabata ino ndi la mpamba. Mukacheza ndi achinyamata pa Chinamwali pano, kaya pa siteji ya kabaza, kaya panja pa mzikiti tikamaliza Jumu'ah, mupeza kuti maloto aliyense ali nawo. Wina akufuna njinga yamoto yakeyake chifukwa watopa kutula ndalama kwa bwana madzulo aliwonse. Wina akufuna makina osokera. Wina mtima wake uli ku Joni basi. Mukafunsa chomwe chikuwaletsa, yankho limakhala limodzi: mpamba palibe. N'zoona, zinthu zathina. Koma tiyeni tidzifunse moona mtima: mpamba umene tikuudikirawo uchokera kwa ndani, ndipo ufika liti?

SWAHABA AMENE ANAFUNSA NJIRA YA KUMSIKA

M'chaka cha 622, Asilamu atasamuka ku Makka kupita ku Madina, Abdur-Rahman bin Auf (RA) anafika chimanjamanja. Mtumiki (SAW) anamulumikiza pa ubale ndi Sa'd bin Rabi' (RA), mmodzi mwa anthu achuma a ku Madina. Sa'd anafuna kumugawira theka la chuma chake chonse. Abdur-Rahman anamupangira duwa ya baraka, koma chumacho sanalandire. Anangopempha kuti amulozere komwe kuli msika.

Anapita kumsika wa Qainuqa, ndipo anabwerako ndi phindu laling'ono kwambiri: kamkaka kouma ndi timafuta ta mkaka. Mawa lake anapitanso, mkuja chimodzimodzi. Sipanapite nthawi, anakwatira, mahari n'kulipira yekha: golide wolemera ngati njere ya tende. Ameneyu ndi yemwe anadzakhala mmodzi mwa Maswahaba olemera kwambiri, komanso mmodzi mwa anthu khumi omwe analonjezedwa Jannah akadali moyo.

Taonani abale, munthu uyu sanayambe ndi mdipiti wa ngamira. Anayamba ndi chomwe chinali pafupi, ndipo kaphindu kochepako sanakanyoze.

CHOLINGA CHIKHALE NDI MTENGO NDI TSIKU

Kunena kuti "ndikufuna ndidzakhale ndi geni" ndi chikhumbo chabe. Chimasanduka cholinga mukayankha mafunso anayi: geni yanji, imafuna ndalama zingati, ndiyamba mwezi uti, ndipo ndikuchitira chiyani? Funso lomalizali ndiye niya yanu. Kufuna kusamala makolo, kulipirira mng'ono wanu fizi, kapena kukwatira mwa halal osapemphetsa, zonsezi zimasandutsa geni kukhala ibada.

Mtengo musamaulote muli pamphasa. Pitani mukafunse. Zomba yathu ino ili ndi zogulitsa zambiri: mpunga wa ku Domasi, matemba a ku nyanja ya Chilwa, kachewere ndi zipatso zotsika ku Chawe, komanso ophunzira a ku University of Malawi omwe amafuna chakudya, kusoketsa zovala ndi kukonzetsa mafoni. Khalani tsiku limodzi ndi munthu amene akuchita kale geniyo. Mufunseni kuti amapikula kuti, thiransipoti ndi zingati, chiphaso cha mumsika ndi zingati, ndipo katundu amaonongeka wochuluka bwanji. Mukatero lembani m'kope.

Tiyerekeze kuti mwapeza kuti mukufunika K150,000. Mukamasunga K1,000 pa tsiku, masiku 6 pa sabata, pakutha pa masabata 25 ndalamayo yakwana. Ndi miyezi yosakwana 6 imeneyo. Ngati K1,000 yakula, yambani ndi K500, nthawi ingotalikirako. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mwina mukuti K1,000 yo ichokera kuti? Kwa sabata imodzi lembani ndalama iliyonse yotuluka m'thumba mwanu: mabandulo, tchipisi cha pachiwaya, kabaza pamtunda woti mukanayenda wapansi. Ndipo tisabisane, ena mwa ife ndalama ikuthera kubetcha mpira ndi kandege ka pafoni. Imeneyo ndi juga, ndipo Qur'an inailetsa pamodzi ndi mowa mu Surat Al-Maidah, ndime 90. Mpamba wa anyamata ambiri ukuthera kumeneko.

KUSUNGA SI UMBOMBO

Alipo omwe amaganiza kuti kusunga ndalama n'kusadalira Allah. Werengani Surat Yusuf, ndime 47 ndi 48. Mneneri Yusuf (AS) analangiza anthu a ku Egypt kuti alime zaka 7, azidya pang'ono, zotsalazo azisunge osapuntha, kukonzekera zaka 7 za njala. Mtumiki wathu (SAW) nayenso ankasungira banja lake chakudya cha chaka chathunthu. Ndipo Surat Al-Furqan, ndime 67, imayamikira akapolo a Allah omwe samwaza chuma komanso saumira, amayenda pakatikati.

Pa malangizo a Yusuf (AS) pali mfundo ina yofunika kwa ife: mbewu yosapuntha imakhalitsa. Iye anaganizira ngakhale kasungidwe kake. Ife ndalama yathu ili ndi anankafumbwe ake. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Amene anali ndi ndalama pansi pa pilo anadzuka m'mawa zili zomwezo powerenga, koma zogula zake zitachepa.

Choncho musadikire kuti ndalama ikwane yonse. Ikafika pogula chida chimodzi cha geni yanu, gulani: sikelo, chiwaya, benchi, makina ometera. Chida mwagula lero sichidzakweranso mtengo kwa inu. Izi n'zosiyana ndi kubisa chimanga nthawi ya njala kuti mtengo ukwere, zomwe Chisilamu chimaletsa. Ndipo ndalama ya mpamba musaisakanize ndi ya ndiwo. Ngati mumaisunga pa Airtel Money kapena pa Mpamba, isakhale pa nambala yomwe mumagulira bandulo.

NJIRA ZOPANDA RIBA

Munthu akathedwa nzeru, wa katapira amaoneka ngati mpulumutsi. Koma Surat Al-Baqarah, ndime 275, imasiyanitsa momveka bwino: malonda ndi halal, riba ndi haramu. Ngakhale mwa nzeru za geni chabe, ngongole yoti K50,000 mubweze K75,000 pakutha pa mwezi imadya phindu lonse musanagulitse n'komwe. Alongo athu ambiri ali m'mabanki m'khonde. Musanalowe, funsani ngati ngongole zake zili ndi chiwongoladzanja, ndipo kambiranani ndi a Shehe anu.

Njira za halal zilipo. Yoyamba ndi chipereganyu. Anthu 10 okhulupirika akamasonkha K5,000 pa sabata, aliyense amalandira K50,000 tsiku lake likafika, popanda choonjezera, ndipo ma ulama ambiri amachiloleza. Yachiwiri ndi qard hasan, ngongole yobweza ndendende momwe munatengera. Yachitatu ndi mudharaba: wina aika ndalama, wina aika mphamvu ndi luso, phindu n'kugawana monga munagwirizanirana poyamba. Geni ikaluza popanda kusasamala kwa wogwira ntchitoyo, mwini ndalama ndiye wataya ndalama, winayo wataya thukuta lake. Kumbukirani kuti Mtumiki (SAW), ali mnyamata wa zaka pafupifupi 25, anapita ku Sham ndi katundu wa mayi Khadija (RA). Mpamba wake panthawiyo unali kukhulupirika.

Njira iliyonse mungasankhe, lemberanani pamaso pa mboni, ngakhale ndi achimwene anu enieni kapena amalume. Ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an, Al-Baqarah 282, ndi yonena za kulemba ngongole. Maubale ambiri asweka chifukwa cha mawu oti "timadziwana kale".

NTCHITO YA SABATA INO

Tonse timaidziwa nkhani ya munthu uja amene Mtumiki (SAW) anamuuza kuti amange kaye ngamira yake kenako ayedzamire kwa Allah. Riziki ndi la Allah, koma chingwe chili m'manja mwathu. Lachisanu likudzali lisanafike, tengani kope mulembe zinthu zitatu: geni yomwe mukufuna, mtengo womwe mwakafunsa nokha, ndi ndalama yomwe muziika padera tsiku lililonse. Muonetse m'bale kapena mlongo mmodzi wokhulupirika kuti azikufunsani mmene zikuyendera. Ndipo yoyambayo muiike padera lero lomwe, ngakhale ikhale K200.

Allah atipatse riziki la halal lokhala ndi baraka, atiteteze ku riba ndi ngongole zolemetsa, ndipo atipange kukhala manja opereka. Ameen.

Wassalam alaikum warahmatullahi wabarakatuh.