Masiku otenga mimba: zoyenera ndi zosayenera

Mng'ono wanga, zoti dzira la mkazi aliyense limatuluka pa tsiku la 14 zasokoneza anthu ambiri. Masiku omwe dzira limakhala likukhwima, kuyambira pomwe msambo wayamba, amatha kutalika kapena kufupika. Matenda, nkhawa ndi kuyamwitsa zimatha kulichedwetsa. Omwe sasinthasintha kwenikweni ndi masiku pafupifupi 14 a pakati pa kutuluka kwa dzira ndi msambo wotsatira. Ndiye tchera khutu.

Zoyenera

- Yamba kuwerenga tsiku lomwe waona magazi, pakuti limenelo ndilo tsiku loyamba.
- Lemba pa kalendala kwa miyezi ingapo, chifukwa mutu umaiwala.
- Werenga chobwerera m'mbuyo: ngati umasamba pakatha masiku 32, dzira lako limatuluka cha pa tsiku la 18.
- Yang'ana chikazi chako: chikayamba kuterera ndi kunanda ngati madzi a dzira laliwisi, nthawi yakwana.
- Khalani malo amodzi dzira lisanatuluke, chifukwa umuna umakhala ndi moyo mpaka masiku 5 pomwe dzira silipitirira maola 24.
- Yamba kumwa folic acid usanaime, amateteza msana ndi ubongo wa mwana.
- Pitani nonse awiri kuchipatala chaka chikatha mimba osabwera, kapena miyezi 6 ngati wadutsa zaka 35.

Zosayenera

- Usayambire kuwerenga tsiku lomwe magazi asiya, masiku onse asokonekera.
- Usakhulupirire foni yokha powerenga masiku, imangoyerekeza.
- Usatengere masiku a mnzako, thupi lake si lako.
- Usadziumitse kumusiko ndi zitsamba kapena nsalu, chikazicho ndicho chimathandiza umuna kuyenda.
- Usamati “ndangomaliza kusamba, sindingaime,” chifukwa kwa amene masiku ake ndi ofupika dzira limafulumira.
- Usadalire mkanda wolerera ngati msambo wako subwera pakati pa masiku 26 ndi 32, udzakuchititsa manyazi.
- Usataye mtima ukangosiya jakisoni wa Depo, thupi limatenga miyezi ingapo kuti libwerere mwakale.
- Usabise chinzonono, chimatha kutseka njira zodutsa mazira.
- Usasenze wekha mlandu wa kusabereka, nthawi zambiri vuto limapezekanso kwa abambo.

Kaya ukufuna mwana kaya ukufuna kupuma kaye, dziwa masiku ako iwe mwini. Zikakusokoneza, pita ukafunse anamwino a zakulera, ndipo alamu anga asatsale kunyumba.