Bwanji agogo akagwa amathyoka chiuno, pamene inu mumangodzuka n'kusasa fumbi?

Sabata yatha tikuphunzira za momentum mu Fomu 3, mnyamata wina anakweza dzanja. "Sala, ine ndagwapo pa njinga ili pa liwiro, koma sindinathyoke. Nanga zinatheka bwanji kuti agogo anga angoterereka pakhonde n'kuthyoka chiuno?"

Funsoli linandifika pamtima, chifukwa zomwezi zinachitikira agogo anga, mayi a bambo anga. Inali nthawi ya dzinja, mwala wa m'bafa utachita ndere. Anaterereka n'kugwa chammbali. Asanagwe ankalima okha kadimba kawo, ankapita kutchalitchi wapansi. Anakhala m'chipatala masabata 6, fupa linalumikizana ndithu, koma kudimba kuja sanapondekonso. Lero tiyeni tiyankhe funso la mnzanuyu ndi Fizikisi yomwe mukuidziwa kale, kenako tione chifukwa chake vuto lalikulu limayamba fupa litathyoka kale.

Chimathyoka n'chiyani kwenikweni?

Tikamati munthu wathyoka chiuno, nthawi zambiri chimene chathyoka ndi kumtunda kwa fupa la ntchafu, lomwe ndi lalitali kuposa mafupa onse m'thupi. Kumtundako fupali silowongoka. Limapindika n'kupanga kakhosi kopyapyala, pa ngodya ya madigiri pafupifupi 125, ndipo kumapeto kwa kakhosiko kuli mutu wobulungira umene umalowa m'chiuno. Taganizirani khasu: mpini ndi wautali komanso wolimba, koma khasu likamaguluka kapena kuthyoka, zimachitikira pamene mpini wakumana ndi chitsulo. Kakhosi aka kanapangidwa kuti kazinyamula katundu wochokera pamwamba, munthu ataimirira. Kakamenyedwa kuchokera m'mbali, kamalephera msanga.

Tiwerengere limodzi

Mukukumbukira kuti force = kusintha kwa momentum ÷ nthawi. Tiyerekeze kuti gawo la thupi lomwe likutsikira pachiuno ndi lolemera 20 kg, ndipo likufika pansi pa liwiro la 3 m/s. Momentum yake ndi 20 × 3 = 60 kg m/s.

Munthu akagwera pa simenti kapena pa mwala, thupi limaima mwadzidzidzi, tinene m'masekondi 0.02. Force ndiye 60 ÷ 0.02 = 3,000 N. Kumeneku kuli ngati kusanjikiza matumba 6 a chimanga a 50 kg pa kakhosi kaja nthawi imodzi. Koma kuimako kukatenga masekondi 0.06, force imatsika kufika pa 1,000 N. Kugwa n'komweko, kutalika n'komweko, chasintha ndi nthawi yokha.

Apa ndiye pagona yankho loyamba. Inu mukamagwa mumatambasula manja, mumapinda mawondo, mumagubuduka, ndipo pachiuno panu pali mnofu wokwanira. Zonsezi zimatalikitsa nthawi ya kugunda. Agogo sachita changu chotero, minofu yawo ndi yochepa, choncho amagwa ngati mtengo, chiuno n'kukhala choyamba kufika pansi.

Yankho lachiwiri lili m'fupa lenilenilo. Akatswiri atayesa mafupa mu labotale anapeza kuti fupa la ntchafu la munthu wokalamba, likamenyedwa chammbali, limathyoka pa force ya pakati pa 3,000 ndi 4,000 N, pamene la wachinyamata limapirira pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ndiye agogo amalandira force yaikulu pa fupa lofooka, inu mumalandira yaing'ono pa fupa lolimba.

Fupa ndi chinthu chamoyo

Ambiri mumaganiza kuti fupa lili ngati mwala. Ayi ndithu. Tsiku lililonse thupi limagumula fupa lakale n'kumanga latsopano. Mpaka zaka pafupifupi 30, kumanga kumaposa kugumula. Kuyambira pamenepo zinthu zimatembenuka pang'onopang'ono, ndipo kwa amayi zimafulumira akasiya msambo, chifukwa homoni ya estrogen, yomwe imateteza mafupa, imachepa. M'kati mwa fupa mumayamba kuchuluka timabowo, ngati mtengo wofumbwa ndi chiswe umene kunja ukuonekabe bwino. Matendawa dzina lake ndi osteoporosis, ndipo sapweteka mpaka tsiku lomwe fupa lathyoka.

Mu 1892, dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, anafotokoza kuti fupa limalimba molingana ndi katundu amene likunyamula. Umboni wake tikuuona lero kwa anthu okhala mu International Space Station. Kumeneko mafupa sanyamula kulemera kwa thupi, ndipo mafupa a m'chiuno ndi msana amatha ndi pafupifupi 1 peresenti pa mwezi, ngakhale anthuwo ali athanzi. Sungani mfundo imeneyi, tiifuna posachedwapa.

Ukalamba ndi kufooka ndi zinthu ziwiri

Pali agogo a zaka 80 omwe amasenzabe nkhuni, palinso a zaka 68 omwe chimfine chokha chimawagoneka mwezi wathunthu. Madokotala amatcha kufooka kotereku frailty: thupi latha nkhokwe yake, moti vuto laling'ono limaligwetsa. Mu 2001, dokotala wa ku America, Linda Fried, ndi anzake anapereka zizindikiro zisanu: kuonda popanda chifukwa, kutopa nthawi zonse, kuchepa mphamvu pogwira chinthu m'manja, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kusagwiragwira ntchito. Munthu akakhala ndi zitatu mwa zimenezi, amatengedwa kuti ndi wofooka.

Ndikaganiza bwino, agogo anga anali atayamba kale kuonetsa zina. Nsima ankangodya mbamu ziwiri zitatu, chitenje chinkawazungulira mopitirira kale. Ife tinkangoti ndi ukalamba.

Bedi ndi mdani wachiwiri

Nazi nambala zosasangalatsa. Kafukufuku wa m'maiko ambiri amaonetsa kuti mwa okalamba 10 alionse othyoka chiuno, awiri kapena atatu amamwalira chaka chisanathe, ndipo ambiri mwa otsalawo sayendanso ngati kale. Chimawapha kawirikawiri si fupa, koma zimene zimabwera chifukwa chogona nthawi yaitali: chibayo, magazi kuundana m'mitsempha ya miyendo, zilonda za kumsana ndi m'matako, komanso matenda a m'chikhodzodzo.

Minofu nayo imasungunuka. Pa kafukufuku wina wa ku America wa mu 2007, okalamba athanzi anagonekedwa pabedi masiku 10 okha, ndipo anataya pafupifupi 1 kg ya mnofu wa m'miyendo. Munthu wogona pabedi amafanana ndi anthu a m'mlengalenga aja: mafupa ndi minofu zikapanda katundu, thupi limaziona ngati zosafunika.

N'chifukwa chake ku Britain malangizo a bungwe la NICE amati opaleshoni ichitike tsiku lomwe wodwala wafika kapena mawa lake, ndipo tsiku lotsatira ayambe kumudzutsa pabedi. Kuno kwathu madokotala a mafupa ndi ochepa, choncho odwala ambiri, makamaka m'zipatala za m'maboma, amagonekedwa mwendo utakokedwa ndi zolemera kwa masabata angapo. Agogo anga anathandizidwa motero. Atatuluka, miyendo inali ngati bango.

Kenako panabwera mantha. Ankaopa kugwanso, ndiye ankakhala pansi tsiku lonse. Ifenso, chifukwa cha chikondi, tinkawachitira chilichonse: "Agogo khalani, tikutengerani." Kukhala pansiko kunawonjezera kufooka, kufookako kunawonjezera mantha. Tsiku lina anandiuza kuti, "Mdzukulu wanga, mwendowu sukundiwawa ayi. Chikundiwawa n'choti ndikafuna kupita kuseri ndiyambe ndaitana munthu." Madokotala akamayeza ngati wodwala wachira, sayang'ana chithunzi cha fupa chokha. Amafunsa ngati akutha kusamba yekha, kuvala yekha, kupita kuchimbudzi, kucheza ndi anzake. Kwa agogo anga, moyo wabwino unali kadimba kaja ndi anzawo a kutchalitchi.

Ndodo igwidwe dzanja liti?

Ili ndi funso la moments. Mukamayenda, pamakhala kanthawi kamene mwaima ndi mwendo umodzi. Chiuno cha mwendo umenewo chimakhala pivot. Kulemera kwa thupi kuli mbali imodzi, patali ndi pivot, pamene minofu ya m'mbali mwa thako ikukoka mbali inayo, pafupi kwambiri ndi pivot. Popeza mtunda wake ndi waufupi, minofuyi imayenera kukoka mwamphamvu, moti chiuno chimanyamula pafupifupi katatu kulemera kwa thupi lonse.

Tsono ngati mwendo wovulala ndi wamanzere, ndodo igwidwe kumanja. Kumeneko ili kutali ndi pivot, ndiye force yaing'ono ya dzanja imapereka moment yaikulu, ndipo chiuno chimapepukidwa. Ndodo imakulitsanso malo amene thupi latsamirapo, zomwe zimathandiza kuti centre of gravity isatuluke kunja. Agogo anga ankaigwira mbali yolakwika miyezi iwiri yathunthu, mpaka a mafizo atatiuza. Ine mphunzitsi wa Fizikisi ndinachita manyazi.

Ntchito ya kunyumba

Mukaweruka lero, zungulirani pakhomo ndi maso a Fizikisi. Pali pati pamene friction ndi yochepa? Palani ndere m'bafa, ikani mtengo wolimba woti agogo azigwira, chotsani miyala ndi zingwe panjira ya kuchimbudzi, ndipo usiku tochi ikhale pafupi ndi pogona pawo. Masilipasi othetheka kunsi atayidwe. Ngati maso awo akuchita chifunga kapena amamva chizungulire akaimirira, uzani makolo apite nawo kuchipatala.

M'mbale mwawo musasowe usipa kapena matemba odyera limodzi ndi minga yake, chifukwa muli kashiamu, komanso nyemba, mazira ndi masamba ngati bonongwe. Aziwothera dzuwa kuti thupi lipange vitamini D. Ndipo musawalande ntchito zonse. Asiyeni asese, atongole chimanga, ayende nanu mpaka pachitsime.

Akagwa n'kulephera kuponda, makamaka mwendo ukaoneka waufupi komanso phazi litagonera kunja, musawaimitse, musawatsine ndi madzi otentha. Pezani thandizo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Inunso mafupa anu mukuwamanga panopa. Mpira, fulaye, kuthamanga ndi kulima ndi katundu amene Wolff ankanena uja.

Funso la sabata ino: thupi la 25 kg likufika pansi pa 2.8 m/s. Pezani force ngati laima m'masekondi 0.02 pa simenti, komanso m'masekondi 0.05 pa mchenga. Kodi fupa lopirira 3,000 N lipulumuka pati? Tidzaona mayankho anu Lolemba.